Kutsata mapazi a George Vertue, mmisiri amene ankalemba mayina a amisiri anzake

Lolemba, 6 Okutobala. Kuchokera ku Leeds kupita ku London

Ndanyamuka ku Leeds ndi basi ya 7 koloko m'mawa, kunja kusanayere bwinobwino ndipo mvula ikuwaza. Tikiti ndinaigula masabata atatu apitawo pa mapaundi 11, chifukwa ya sitima ikanandidyera ndalama ya chakudya cha masiku awiri. Ulendo watalika kuposa mmene ndinkayembekezera popeza pamsewu wa M1 panali malo awiri amene akukonza, ndipo tinkayenda pang'onopang'ono ngati tili pamdipiti wa maliro. Mayi wina wachikulire amene ndinakhala naye pampando anandigawira theka la sangweji yake ndisanapemphe, kenako anandifunsa chimene ndikukachita ku London. Nditamuuza kuti ndikutsata munthu amene anamwalira mu 1756, anandiyang'ana kwa kanthawi, ndipo anati dzina la George Vertue sanalimvepo chibadwire.

Inenso sindinkalidziwa mpaka chaka chatha, pamene ndinagula chithunzi chakale cha Mfumu Henry VII pamsika wa zinthu zakale, pa mapaundi 12. Pansi pake, m'zilembo zazing'ono zofunika kuyandikitsa diso, panalembedwa "G. Vertue Sculp." Mawu otsirizawo ndi chidule cha liwu la Chilatini lotanthauza kuti "anazokota". Chimene chinandigwira mtima ndi chakuti malemu bambo anga ankasema zidindo pakhonde la sitolo ina ku Limbe, ndipo ndinakula ndikuwaona akudula zilembo chobwerera m'mbuyo pa labala kuti zikatuluke zowongoka papepala. Vertue ankachita zomwezo pa mbale ya mkuwa. Ankakumba timizere ndi kachitsulo kosongoka, n'kupaka inki, n'kupukuta pamwamba kuti inkiyo itsale m'timizere mokha, kenako n'kupanikiza pepala lonyowa pang'ono pamakina. Ndikafufuza za iye ndinapeza kuti kupatula zithunzi za anthu pafupifupi 500 zimene anazokota, anathera zaka zoposa 40 akulemba m'makope chilichonse chimene ankamva ndi kuona chokhudza ojambula, osema ndi omanga a ku England.

Ndafikira kwa msuweni wanga ku Lewisham. Atanditsegulira chitseko anangoti, "Achimwene, mwaonda, khalani pansi muyambe mwadya," ndipo nsima inali kale pamoto. Msana ukuwawa chifukwa cha mpando wa basi, choncho ndigona msanga.

Lachiwiri, 7 Okutobala. St Martin-in-the-Fields ndi Drury Lane

Vertue anabadwa mu 1684 m'dera la tchalitchi cha St Martin-in-the-Fields, chimene lero chili pakona ya Trafalgar Square. Nyumba imene ilipo tsopano si imene iye anaiona ali mwana, chifukwa inamangidwa ndi James Gibbs pakati pa 1722 ndi 1726, Vertue ali kale munthu wamkulu. Makolo ake anali Akatolika pa nthawi imene malamulo ankaletsa Akatolika kukhala pa maudindo a boma ndiponso kulandira madigiri ku Oxford ndi ku Cambridge. Mwana wotere, wa m'banja lopanda chuma, njira yake inali ya manja. Ali ndi zaka pafupifupi 13 anamupereka kwa Mfalansa wina wozokota zizindikiro za mabanja pa ziwiya zasiliva, koma bizinesi ya munthuyo inagwa ndipo anabwerera kwawo. Pambuyo pake anagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri kwa Michael Vandergucht, ndipo mu 1709 anayamba kudziimira payekha.

Ndamwa tiyi m'chipinda cha pansi pa tchalitchicho, mmene matebulo aikidwa pamwamba pa miyala ya manda akale. Poyamba ndinachita mantha kuponda mayina a anthu akufa, ndipo ndinayenda molambalala mpaka nditapeza mpando wa pakona.

Tsidya la msewu kuli National Portrait Gallery, kumene salipiritsa polowa. Ndinkafuna chithunzi chimodzi chokha, chimene Gawen Hamilton anajambula mu 1735, chosonyeza amisiri ndi okonda luso 13 atasonkhana m'nyumba yomweramo ya King's Arms. Muli Gibbs yemwe uja, wosema miyala Michael Rysbrack, William Kent ndi ena otchuka. Vertue ali kumapeto kwenikweni, kumanzere, pamalo amene munthu amaona bwino aliyense m'chipinda. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, ndipo ndinaganiza kuti ambiri mwa amuna amenewo timadziwa za moyo wawo chifukwa cha zimene iye anakalemba atabwerera kunyumba.

Masana ndayenda wapansi kupita ku Great Queen Street, kumene Sir Godfrey Kneller anatsogolera sukulu ya zojambula imene inatsegulidwa mu 1711, Vertue ali mmodzi mwa mamembala ake. Chithunzi cha Archbishop Tillotson chimene anazokota potengera chojambula cha Kneller ndicho chinamutchukitsa, ndipo cha Mfumu George I chinagulidwa kwambiri. Nyumba yake inali mu Brownlow Street, pafupi ndi Drury Lane. Ndinazungulira kawiri osaupeza msewuwo, mpaka bambo wina wotsitsa katundu mu vani anandithandiza kufufuza pafoni yake, ndipo tinapeza kuti masiku ano umatchedwa Betterton Street. Ndi kamsewu kachete, kopanda chilichonse chokopa alendo. Ndinauyenda kuchokera kumapeto kukafika kumapeto, kenako ndinakagula mbatata yowotcha yothira nyemba pa mapaundi 6, chifukwa miyendo inali itayamba kunjenjemera ndi njala.

Lachitatu, 8 Okutobala. British Library

Lero ndi tsiku limene ndinkaliopa. Sindinalowepo m'laibulale yaikulu chotere, ndipo usiku wonse ndinkaganiza kuti andifunsa za maphunziro anga n'kundibweza pakhomo. Koma anangofuna chiphaso changa ndi kalata yosonyeza kumene ndimakhala, ndipo khadi lowerengera anandipatsa kwaulere. Chikwama ndi jekete zimatsala m'kabati yokhoma, cholembera cha inki sichiloledwa, ndipo munthu amalowa ndi pensulo ndi pepala m'jumbo yoonekera mkati. Mtsikana wa padesiki anandilangiza mokoma mtima kuti ndiyambe ndi makope osindikizidwa, amene bungwe la Walpole Society linatulutsa pakati pa 1930 ndi 1955, chifukwa amatsatira kalembedwe ka Vertue liwu ndi liwu ndipo savuta kuwerenga ngati dzanja lake. Ndinadikira kopitirira ola kuti mabukuwo abwere.

Ndawerenga maola asanu osatuluka. Makopewa sanalembedwe ngati nkhani yokhala ndi chiyambi ndi mathero. Ndi tizidutswa: wojambula uyu anabwera kuchokera ku Antwerp chaka chakuti, uyu anafa ali ndi ngongole, chithunzi ichi chili m'nyumba ya akuti ndipo chinagulidwa pamtengo wakuti, nkhalamba ina yandiuza kuti inamudziwa mbuye wa uje. Kalembedwe ka mawu kamasinthasintha, zizindikiro zopumira n'zochepa, ndipo nthawi zina amabwerera pakapita zaka kudzakonza zimene analakwitsa kapena kudzaonjezera tsiku limene munthu anamwalira. Anayamba ntchitoyi mu 1713, ndipo makope anakwana pafupifupi 40. Palibe amene anamulemba ganyu kuti achite zimenezi. Masana ankazokota kuti banja lidye, ndipo nthawi yotsala ankapita ku okushoni, m'nyumba za anthu olemera, m'matchalitchi ndi kwa amisiri okalamba amene anali atatsala pang'ono kupita ndi zimene ankadziwa.

Chimene ndalemekeza kwambiri ndi chakuti amasiyanitsa zimene waona ndi maso ake ndi zimene wangouzidwa. Munthu wosaphunzira kuyunivesite, koma wodziwa kuti mphekesera ndi umboni si chinthu chimodzi. Analembanso za anthu a m'nthawi yake, monga wojambula William Hogarth, amene zithunzi zake za mu 1732 zinakopedwa ndi amalonda n'kumagulitsidwa motchipa mwini wake osapeza kanthu. Vertue anali mmodzi mwa amene anasaina pempho lopita ku Nyumba ya Malamulo pamodzi ndi Hogarth, ndipo mu 1735 panatuluka lamulo loteteza ntchito ya ozokota kwa zaka 14.

M'nyumba yomweyi mukusungidwanso mipukutu ndi mabuku olembedwa pamanja oposa 7,000 a banja la Harley, amene boma linagula mu 1753 pa mapaundi 10,000. Edward Harley, Earl wachiwiri wa Oxford, ndiye anali mthandizi wamkulu wa Vertue, ndipo ankayenda naye m'maulendo oona zinthu zakale. Chuma cha bwana ndi makope a mmisiri wake zili pansi pa denga limodzi tsopano.

Ndatuluka maso akuwawa, mutu ukulemera. M'sitima yobwerera ku Lewisham ndinayesa kukumbukira dzina la munthu amene anaphunzitsa bambo anga kusema zidindo, ndipo ndinazindikira kuti sindinawafunsepo.

Lachinayi, 9 Okutobala. Oxford, kenako Stratford-upon-Avon

Basi ya ku Oxford yanditengera pafupifupi maola awiri kuchokera pasiteshoni ya Victoria ku London. Sindinakhalitse mumzindawu. Ndinabwera chifukwa kuyambira m'ma 1720 mpaka mu 1751 Vertue ndiye ankazokota pafupifupi chaka chilichonse kalendala ya yunivesite, pepala limodzi lalikulu lokhala ndi chithunzi cha koleji ndi anthu amene anaiyambitsa. Yunivesite imene sikanamupatsa digiri chifukwa cha chipembedzo chake inkadalira dzanja lake kuti ionekere kwa anthu. Ndinayenda mu Broad Street ndi High Street ndikuyang'ana zipata za makoleji kuchokera panja, ndinadya chitumbuwa cha nyama mu Covered Market, ndipo ndinapita kusiteshoni.

Kuchokera ku Oxford kupita ku Stratford munthu amasintha sitima ku Leamington Spa. Yoyamba inachedwa, yachiwiri inandisiya, ndipo ndinakhala papulatifomu kopitirira ola mphepo yozizira ikulowa m'jekete. Mnyamata wina wovala yunifolomu ya sukulu anaona kuti ndikuyang'ana bolodi mosokonezeka, ndipo anandiperekeza mpaka pamene sitima yotsatira imaimira, osanena zambiri. Ndafika ku Stratford kutada. Chipinda ndalipira mapaundi 58 pamodzi ndi chakudya cha m'mawa, ndalama yaikulu kuposa ina iliyonse paulendowu. Ndivomere kuti poyenda ndekha kuchokera kusiteshoni, m'misewu yopanda anthu, mtima unkagunda ndipo ndinkacheukacheuka.

Lachisanu, 10 Okutobala. Stratford-upon-Avon

Vertue anafika kuno mu Okutobala 1737 ali ndi Edward Harley, ndipo n'chifukwa chake ndinasankha mwezi uno. Ndadutsa gulu la alendo limene linali pamzere pa nyumba imene William Shakespeare anabadwira, ndipo ndalunjika ku New Place, pakona ya Chapel Street ndi Chapel Lane. Shakespeare anagula nyumba ya pamenepa mu 1597, ndipo anamwalira mu 1616. Nyumbayo inagwetsedwa cha m'ma 1702 ndi banja la Clopton, limene linamangapo ina, ndipo yachiwiriyo inagwetsedwanso mu 1759. Lero pali munda wa maluwa basi.

Choncho pamene Vertue ankafika, nyumba ya Shakespeare inali itapita kale zaka 35. Iye anatenga zimene zinkakumbukika ndi zimene anthu ankafotokoza, n'kujambula kutsogolo kwa nyumbayo, yokhala ndi nsonga zisanu za denga, chipata ndi bwalo la mkati, ndipo analemba pambali pake kuti wajambula kuchokera m'chikumbumtima ndi m'mafotokozedwe. Kachithunzi kameneko kanakhala m'mapepala ake osadziwika kwa anthu ambiri mpaka kanasindikizidwa mu 1952, ndipo ndi ko kokha kamene kamasonyeza maonekedwe a nyumbayo. Ndinakhala pabenchi m'mundamo ndikuyerekeza kutalika kwa khoma ndi Guild Chapel, nyumba yopemphereramo imene ili tsidya la kamsewu, imene Shakespeare ndi Vertue onse anaiona monga ndaionera ine.

Kenako ndinatsika kumtsinje wa Avon kupita ku Holy Trinity Church, kumene kuli manda a Shakespeare ndi chosema chake pakhoma. Kuti munthu afike pafupi amapereka ndalama pang'ono pakhomo la mkati. Pano pali nkhani imene sindingaibise, ngakhale ndimamukonda Vertue. Pamene anazokota chithunzi cha chosema chimenechi, chimene chinatuluka m'mabuku a Shakespeare okonzedwa ndi Alexander Pope mu 1725, sanaikepo nkhope yonenepa imene ili pakhomapo. Anatenga nkhope ya m'chithunzi china chotchuka, chimene chimatchedwa Chandos, n'kuiika pamapewa a chosemacho. Owerenga ambiri anakhulupirira kuti ndi mmene chipilalacho chimaonekera. Zimenezi zandivutitsa m'maganizo, chifukwa munthu yemweyo amene m'makope ake ankasamala za tsiku ndi dzina, pa ntchito yolipidwa anapereka chimene msika unkakonda. Mu 1737 anaima pamalo pomwe ndinaima ine, n'kujambula chosemacho m'kope lake monga chilili. Ndikuona kuti m'makopemo ndi mmene ankanena zoona zonse, popeza munalibe womulipira woti amusangalatse.

Mayi wina wodzipereka wa patchalitchipo ataona kuti ndikulemba, anandibweretsera mpando. Ndabwerera ku London madzulo, ndipo ndinagona m'sitima mpaka wina anandigwedeza paphewa titafika ku Marylebone.

Loweruka, 11 Okutobala. Westminster Abbey

Tikiti yolowera m'tchalitchi chachikuluchi ndi yodula, yoposa mapaundi 25, ndipo ndinaima pamzere mphindi 40. Khamu linkapita kumanda a mafumu ndi a olemba ndakatulo, koma ine ndinafunsa mmodzi wa otsogolera alendo njira ya kumakonde ozungulira bwalo la mkati, kumene Vertue anaikidwa. Anandifunsa kuti ndibwereze dzinalo, anayang'ana m'kabuku kake, ndipo anandilozera njira. Kumakondeko n'kozizira ndiponso kwachete, ndipo miyala yambiri ya pansi inafufutika zilembo chifukwa cha mapazi a anthu. Mwala wa chikumbutso chake uli pakhoma, pakati pa ina yambiri, ndipo anthu ankaudutsa osatembenuka.

Zaka zake zomaliza zinali zowawa. Kuyambira mu 1717 anali wozokota wa bungwe la ofufuza zinthu zakale la Society of Antiquaries, ndipo ntchito imeneyo inamupatsa ulemu, koma moyo wa mmisiri pa nthawiyo unkatsamira pa anthu olemera omukonda. Edward Harley anamira m'ngongole, anagulitsa nyumba yake ya Wimpole mu 1740, ndipo anamwalira mu 1741. Patapita zaka, Kalonga Frederick, mwana wa Mfumu George II, anayamba kumuitana kuti amuthandize pa zithunzi za banja lachifumu ndi kufufuza kumene kunapita chuma cha zojambula cha Mfumu Charles I, chimene chinagulitsidwa mfumuyo itaphedwa mu 1649. Vertue anali ndi chiyembekezo chachikulu, koma kalongayo anamwalira mwadzidzidzi mu 1751. Vertue ndi mkazi wake Margaret Evans, amene anakwatirana mu 1720, anali ataika kale m'manda ana awo onse atatu akadali aang'ono. Vertue anamwalira pa 24 Julaye 1756, buku la mbiri ya luso la ku England limene analikonzekera moyo wake wonse lisanalembedwe.

Ndinakhala pamwala wa m'mbali mwa khonde mpaka kuzizira kunandilowa m'mafupa. Ndinanena pemphero lalifupi, monga timachitira tikafika pamanda a munthu wamkulu, ndipo ndinatuluka.

Lamlungu, 12 Okutobala. Strawberry Hill, kenako basi ya usiku

Sitima yochokera ku Waterloo imatenga mphindi pafupifupi 40, ndipo kuchokera pasiteshoni ya Strawberry Hill munthu amayenda pang'ono pakati pa nyumba za anthu wamba, kenako n'kuona nyumba yoyera mbee yokhala ndi nsanja. Inali ya Horace Walpole, mwana wa Sir Robert Walpole amene anali nduna yaikulu. Mu 1758 Horace anagula makope a Vertue kwa Margaret pa mapaundi 100. Anawasanja, anawalemba mwatsopano m'Chingerezi chake chosalala, ndipo mu 1762 anayamba kuwasindikiza pamakina ake pompano, m'buku lotchedwa Anecdotes of Painting in England. Gawo lomaliza linafika kwa anthu mu 1780.

Ndayenda m'zipinda ndi mtima wogawanika. Walpole sanabe ntchitoyo, chifukwa patsamba loyamba analemba kuti zinthuzi anasonkhanitsa ndi malemu George Vertue, ndipo analembanso mbiri ya moyo wake. Akanapanda kugula makopewo, n'kutheka kuti akanamwazikana ngati katundu wina wa amisiri akufa. Komabe bukulo limatchulidwa ndi dzina la Walpole, ndipo ngakhale bungwe limene linasindikiza makope enieni a Vertue linatenga dzina la Walpole. Mwana wa nduna anali ndi nthawi, ndalama ndi maphunziro oti alembe ziganizo zokongola, pamene amene anayenda m'matope ndi kugogoda pazitseko za nkhalamba anali mnzake uja. Katundu wa m'nyumbayi anagulitsidwa pa okushoni yaikulu mu 1842, ndipo makopewo anadutsa m'manja ena asanafike ku British Museum, kumene pambuyo pake anasamutsidwira ku British Library. Bambo wodzipereka amene anali m'chipinda cha mabuku ankalidziwa dzina la Vertue, munthu woyamba sabata yonseyi amene sanafune kuti ndilibwereze, ndipo tinacheza mpaka alendo ena atadzaza chipinda.

Msuweni wanga wandiperekeza ku Victoria atandimangira mandasi m'pepala. Basi isananyamuke ndinaimbira foni azakhali anga ku Bangwe, amene ndi okhawo otsala mwa abale a bambo. Ndinati, "Azakhali, kodi amene anaphunzitsa bambo kusema zidindo anali ndani?" Anakhala chete kwa nthawi, kenako anati dzina laiwalika, koma anali bambo wamfupi wochokera ku Zomba, wamanzere, amene ankanola timipeni take pa mwala umene ankausunga m'thumba la malaya. Anati alipo mayi wina wa kumpingo kwawo amene angakumbukire zambiri, ndipo akamufunsa Lachinayi ku msonkhano wa amayi. Ndalemba zimenezi kumapeto kwa kope langa, ndi tsiku la lero ndi dzina la amene wandiuza. Basi ifika ku Leeds cha m'ma 2 koloko usiku, ndipo ntchito ndiyamba 8 koloko m'mawa.